Pad, stick kapena leverless: wosewera magemu a ndewu ku Mzuzu agule chiti?

Aliyense amene wayamba kusewera magemu a ndewu mofuna kupambana, osati mongotayitsa nthawi, amafika pa funso limodzi akangomva kuti m'bale wake akubwera kuchokera ku Joni kapena ku Dar es Salaam: ndimutume chiyani? Kuno ku Mzuzu mwayi wotere subwera mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama yake imawawa, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ukatuma cholakwika ukhala nacho zaka. Malangizo ambiri a pa YouTube amachokera kwa anthu amene batani likawafera lero, mawa lina lafika pakhomo. Kwathu kuno sizili choncho, ndiye kuyerekeza kwathu kuyambire pena.

Muyeso wanga ndi uwu. Chida chabwino ndi chimene chimagwira pa makina amene anzanu amapikisanirapo, chimene mungachigwire tsiku ndi tsiku, komanso chimene wokonza mafoni wa mumsika angachitsegule n'kuchidzutsa chikafa. Anyamata a Sacramento, a kabaza wa njinga aja, nkhaniyi amaidziwa bwino: njinga yokongola imene tcheni ndi masipoko ake sizipezeka m'tauni muno imathera pakhonde. Mukayeza chonchi, zida zina zotchuka zimatsika, zina zonyozeka n'kukwera.

Koma kaye, chida chikukhaliranji nkhani yaikulu? Pa mpira wa FC kapena eFootball, ukachedwa pang'ono kudina, pasi imapitabe. Tekken, Street Fighter ndi Mortal Kombat zimayenda mafulemu (zithunzi zosinthana pa sikirini) 60 pa sekondi, ndiye kuti fulemu imodzi sikwana mamilisekondi 17, ndipo gemu imawerenga zala zako fulemu ndi fulemu. Nkhonya yofulumira ya mu Tekken imafika pa fulemu ya 10. Electric, nkhonya yapadera ya Kazuya wa mu Tekken, imafuna kuti pansi-kutsogolo ndi batani la nkhonya yamanja zilowe pa fulemu imodzimodzi. Ukaphonya ndi imodzi yokha imatuluka nkhonya wamba, ndipo mdani akaibuloka amakulanga pomwepo. Apa ndi pamene labala wotha wa mkati mwa pad amakuluzitsa raundi imene mutu wako unaiwina kale.

Tiyambe ndi pad, poti ndi imene tonse tinakulira, kuyambira pa PS2 za m'timashopu ta magemu ta m'makwalala a ku Chibavi ndi ku Chiputula. Pali bodza limene ndikufuna lithe, loti pad ndi ya ongoyamba, akatswiri enieni amagwira stick. Luffy wa ku France anapambana Evo, mpikisano waukulu wa magemu a ndewu padziko lonse, mu 2014 pa Ultra Street Fighter IV ndi pad ya PlayStation yoyamba ija ya m'ma 1990. MenaRD wa ku Dominican Republic watenga kawiri Capcom Cup, chikho cha kampani ya Capcom yopanga Street Fighter, ali ndi pad m'manja. Punk wa ku America anatenga Evo ya 2024 pa Street Fighter 6 ndi pad, ndipo SonicFox, wa ku America komweko, walamulira Mortal Kombat zaka zambiri ndi chida chomwecho. Wina akakuuzani kuti "aise, popanda stick sungafike patali", mufunseni kuti patali pake ndi pati kuposa apo.

Mphamvu ya pad ndi yoti chala chachikulu chimayenda mtunda waufupi kwambiri kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo zala zolozera zimakhala zitagona kale pa mabatani a pamapewa. Drive Impact, chimenyo champhamvu cha mu Street Fighter 6, ikabwera, ukhoza kuibweza osasuntha dzanja. Imalowa m'thumba la jekete, imagwira magemu ena onse a m'nyumba, ndipo ikafa tsiku la mpikisano umabwereka ya mnzako n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Palibe chida china pa mndandanda uno chimene chingakupatseni mwayi womalizawu mu Mzuzu.

Vuto lalikulu la pad kuno si pad yokha ayi, koma mafeki. Kunja amafanana ndi orijino mpaka zilembo. Kusiyana kuli pansi pa d-pad, mivi inayi yoyendetsera ya kumanzere kwa pad. Tsegulani pad yotha tsiku lina muone. Mivi inayi ija imaoneka ngati mabatani anayi, koma pansi ndi pulasitiki imodzi yotsamira pa kamutu ka pakati. Pansi pake pali labala wokhala ndi timadontho tinayi takuda, ndipo kadontho kakakhudza bolodi ndiye kuti gemu yamva. Kuti pansi-kumbuyo kutuluke, timadontho tiwiri tiyenera kukhudza nthawi imodzi. Pa feki, labala amakhala wolimba mosiyana mbali ndi mbali, kamutu ka pakati kamakhala kakafupi kapena kakatali, ndiye umaganiza kuti wabuloka pansi pomwe gemu yangomva pansi pokha, basi mwendo wakusesa. Pa mpira simungazindikire chilichonse, chifukwa kumeneko mumayendetsa ndi analogi. N'chifukwa chake wogulitsa akamalumbira kuti "bwana, iyi ikugwira bwinobwino" sakunama, waiyesa pa mpira. Inu musagule musanalowe nayo mu training mode, malo oyeserera a mu gemu, n'kuyatsa mbali yoonetsa zimene mukudina. Zungulizani chala pa d-pad pang'onopang'ono. Mbali zonse 8 zituluke, iliyonse pa nthawi yake, popanda kudumpha. Ikalephera izi isiyeni, mtengo ukhale wokoma bwanji. Kwa ine DualShock 4 (pad ya PS4) yorijino ya kaunjika ndi yabwino kuposa feki yatsopano ya m'katoni.

Ngakhale yorijino imatha. Labala uja amang'ambika, fumbi la m'chilimwe ndi thukuta zimaunjikana pa bolodi. Nthawi zambiri kupukuta timadontho tija ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi sipiriti kumaibwezera moyo, ndipo labala mungamuchotse mu pad ina yakufa ya mtundu womwewo. Musamataye ma pad akufa.

Zina ndi zoti chala chachikulu chakumanzere chimasenza ntchito yonse chokha. Amene amayeserera Korean backdash, kubwerera m'mbuyo mofulumira kwa mu Tekken, kwa ola lathunthu amalidziwa thuza limene limatuluka pamenepo, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye, kuzizira kwa Mzuzu kukalowa m'zala, chalacho chimauma msanga kuposa dzanja lonse. Komanso Street Fighter ndi gemu ya mabatani 6 chiyambireni Street Fighter yoyamba mu 1987, pomwe pad ili ndi anayi okha pamwamba. Nkhonya ndi mwendo wamphamvu zimapita pa R1 ndi R2, ndipo R2 ya DualSense, pad ya PS5, imalowa mozama ngati ya gemu ya galimoto. Mukhoza kusintha mabatani mu gemu, ndipo muzitero.

Pali ma pad opangidwira ndewu, monga Hori Fighting Commander, okhala ndi mabatani 6 pamwamba ndi waya wake. Kwa wa Street Fighter amene sakufuna kusiya pad ndi abwino ndithu. Chondikayikitsa n'choti akatha labala kapena kabatani ka mkati, simupeza mnzake wakufa wochotsamo zipangizo kuno, poti ali nawo ndi anthu owerengeka. Wa Tekken ndi wa Mortal Kombat sakuwasowa konse.

Tsopano stick, bokosi lija la kandodo ndi mabatani akuluakulu. Linabadwira m'nyumba za arcade za ku Japan, Korea ndi America, kumene anthu ankaponya ndalama yachitsulo mu makina. Amene anakulira kumeneko stick ndi chinenero cha manja awo. Knee wa ku Korea amasewera nayo, ndipo Arslan Ash wa ku Lahore, Pakistan, anadzidzimutsa dziko mu 2019 potenga Evo Japan ndi Evo yaikulu pa Tekken 7 ali pa stick. Nkhani ya Arslan imandikhudza chifukwa anachokera ku dziko limene anthu a Tekken sankaliwerengera n'komwe, n'kukagonjetsa akatswiri amene aliyense ankawaopa. Koma taonani chimene chinamupanga: m'tauni yake munali malo odzaza osewera oopsa amene ankamenyana nawo tsiku ndi tsiku. Bokosi linali chabe chimene chinalipo.

Ubwino wa stick ndi weniweni. Dzanja lamanja limayala zala zonse pa mabatani a mamilimita 30, ndiye kudina awiri pamodzi, monga pothawa kugwidwa mu Tekken, kumakhala kosavuta. Ntchito ya kumanzere imagawika pakati pa zala ndi mkono. Kuzunguliza kandodo kumene Zangief wa mu Street Fighter amafuna pogwira mdani kumatuluka mwachibadwa. Ndipo mkati mwake ndi mophweka modabwitsa: mawaya, timaswichi tinayi tozungulira kandodo, sipulingi imodzi, ndi mabatani ongokankhira pa bowo. Mitundu yambiri yodula imagwiritsa zipangizo za kampani ya ku Japan ya Sanwa, kandodo kotchedwa JLF ndi mabatani a OBSF-30, ndipo zimenezi zimalowana m'mabokosi a makampani osiyanasiyana. Batani likafa mumazula mawaya awiri n'kuika lina, osafuna kuwotcherera.

Pali kanthu kamene ogula koyamba sauzidwa. Pansi pa kandodo ka JLF pali pulasitiki ya bowo la ngodya zinayi. Ukamazunguliza, kandodo kamakodwa m'makona, ndipo masabata oyamba Hadoken, mpira wa moto umene Ryu amaponya mu Street Fighter, imakana kutuluka mpaka umaganiza kuti wagula chakufa. Sichakufa. Makonawo ndi amene amakuthandiza kupeza pansi-kumbuyo osayang'ana. Ena amasintha n'kuika ya ngodya 8. A Tekken ambiri amakonda kandodo ka ku Korea, kamene kamabwerera pakati ndi mphamvu ya labala m'malo mwa sipulingi, chifukwa kubwerera pakati msanga ndiye mtima wa kayendedwe ka Tekken.

Nanga n'chifukwa chiyani sindiika stick patsogolo? Choyamba ndi kulemera. Zikuluzikulu monga Qanba Obsidian zimafika makilogalamu 3 kapena kuposa, ndipo zimadya malo a m'chikwama cha wokutengerani, osanena za msonkho wa pachipata. Kuchoka nayo ku Luwinga kupita ku Katoto mvula ikugwa ndi ntchito payokha. Chachiwiri, zotchipa monga Mayflash F300 zimabwera ndi zipangizo zosafika pa Sanwa, ndiye kuti mudzagulanso kachiwiri kuti muikweze. Chachitatu, chimene chili chachikulu, ndi nthawi. Munthu wa pad akasamukira pa stick amatsika kaye kwa miyezi, amaluza kwa anthu amene ankawamenya akuseka, ndipo ambiri amabwerera ku pad asanawoloke. Akawoloka, liwiro limene apeza siliposa la pad. Stick igulidwe ndi munthu amene waigwirapo n'kuikonda kamvekedwe kake. Chikondi chimenecho ndi chifukwa chokwanira, ndipo sindichinyoza, chifukwa chida chimene umachikonda umachigwira maola ambiri. Koma musaigule poganiza kuti mukugula mawini.

Chimene chasintha zinthu m'zaka zapitazi ndi leverless, bokosi lopanda kandodo. Kumanzere, pansi ndi kumanja ndi mabatani atatu pansi pa zala zitatu za dzanja lamanzere, ndipo kudumpha ndi batani lalikulu la m'munsi lodinidwa ndi chala chachikulu. Kampani ya Hit Box ndi imene inatchukitsa kapangidwe aka, ndipo lero akuluakulu a ku Japan amene anakulira pa stick, monga Daigo Umehara ndi Tokido, anasamukirako. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pa stick, kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo kandodo kayenera kuyenda ulendo wonse kudutsa pakati. Pa pad chala chimodzi chiyenera kutsetsereka. Pa leverless chala china chimangonyamuka china n'kutsika. Wosewera Guile wa mu Street Fighter, amene amagwira kumbuyo kwakanthawi kenako kutsogolo ndi nkhonya, amapindula kwambiri. Kudasha (kuthamangira kutsogolo kapena kumbuyo) kumayera, ndipo Shoryuken, nkhonya yodumpha nayo m'mwamba, imatuluka mofanana nthawi zonse.

Liwiro lomwelo linabweretsa mkangano. Pa leverless ukhoza kudina kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi, zimene kandodo sikangachite. Mu 2019 Capcom inaletsa bokosi lina limene Daigo ankafuna kupikisana nalo chifukwa cha mmene linkawerengera mbali zotsutsanazi. Mu 2023 malamulo a Capcom Pro Tour ananena kuti m'mwamba ndi pansi zikadinidwa pamodzi, gemu isamve chilichonse, chimodzimodzi kumanzere ndi kumanja. Pa mabokosi nkhaniyi imalembedwa kuti SOCD, ndipo pafupifupi onse a masiku ano amalola kuisintha. Ikani pa neutral, pamene gemu simva chilichonse, kuyambira tsiku loyamba kuti zala zisazolowere chinthu chimene adzakuletsani.

Musaganize kuti ndi chozizwitsa. Kudumpha kuli pansi, ndipo ubongo umakana kwa masiku angapo. Kusewera mbali ya kumanja ya sikirini kumafuna kuti chala cha mphete, chomwe ndi chaulesi mwa tonsefe, chiphunzire ntchito imene chala cholozera chimaigwira mosavuta mbali inayo. Kuzunguliza kwa Zangief kumafuna kuphunzira mwapadera. Koma amene anazolowera kulemba pa kompyuta, monga ophunzira ambiri a ku Mzuni, amawoloka msanga kuposa pa stick.

Chimene chandikopa ine si liwiro kwenikweni, ndi mtengo ndi kusavuta kuikonza ikafa. Razer Kitsune inatuluka mu 2023 pa madola pafupifupi 300, ndipo imeneyo tiisiye kwa ena. Koma pali pulogalamu yaulere yotchedwa GP2040-CE imene imayenda pa kabolodi ka Raspberry Pi Pico, komwe kanatuluka mu 2021 pa madola 4. Makampani a ku China monga Haute42 amapanga ma leverless opyapyala ndi pulogalamu imeneyi, ambiri osafika madola 100, ndipo amalowa m'chikwama cha laputopu ngati kope. Mabatani ake ndi timaswichi ta kiyibodi, ndipo pa mitundu yambiri timazulika ndi kachitsulo popanda kuwotcherera. Mulibe labala wotha, mulibe sipulingi ya kandodo, mulibe batire. Ndipo munthu wokhala ndi kabolodi kaja, mabatani 12 ndi mawaya akhoza kupita kwa kalipentala kuti amukhomere bokosi la matabwa a paini, amene kuno kumpoto si osowa, n'kubowola malinga ndi kukula kwa dzanja lake, kenako wokonza mafoni n'kuwotcherera. Ndikufunitsitsa kuona mabokosi oterewa akupangidwa mu Mzuzu, chifukwa luso lonse lofunika lilipo kale m'misika yathu. Chongobwera kuchokera kunja ndi kaphukusi kokwana m'thumba la malaya. Mukamatuma, onjezani timaswichi kapena mabatani apadera anayi ndi waya wa USB wachiwiri.

Kiyibodi ndi leverless imene ambiri muli nayo kale. Ngati mumasewera pa PC, yesani pamenepo kaye musanawononge ndalama: ikani kumanzere, pansi ndi kumanja pa A, S, D, kudumpha pa batani lalitali la pansi. Makiyibodi otchipa amakana kumva mabatani ena akadinidwa ambiri pamodzi, ndipo ku mpikisano wa pa PlayStation simungaidalire, koma kwa milungu iwiri ikuuzani ngati manja anu akugwirizana ndi kaseweredwe aka.

Apa ndi pamene ambiri amapsa: chida chafika, koma makina akuchikana. DualShock 4 sigwira magemu a PS5, ngakhale imagwira a PS4 oseweredwa pa PS5. Tekken 8 ya mu Januwale 2024 ndi Mortal Kombat 1 ya mu Sepitembala 2023 sizinatuluke pa PS4, pomwe Street Fighter 6, Tekken 7 ndi Mortal Kombat 11 zilipo. Ndiye funsani kaye kuti gulu lanu likusewera chiyani ndipo pa makina ati, osati chimene mukuonera pa intaneti. Mabokosi opanda chilolezo cha Sony, kuphatikizapo ma leverless otchipa aja, amagwira bwino pa PC, koma pa PlayStation amaduka pakatha mphindi 8 ngati palibe kachipangizo kowatsimikizira. Pa PS5 anthu ambiri amadutsira pa adaputa ya Brook Wingman FGC. Muiwerengere pa mtengo kuyambira pachiyambi, apo ayi mudzakhala ndi bokosi loduka pakati pa raundi yachitatu. Pad ya Xbox ndi yabwino pa PC, ndipo d-pad ya mtundu watsopano imalira "tiki" momveka mbali iliyonse, koma pa PlayStation siilowa popanda adaputa.

Ndinenenso za TV, chifukwa anthu amatukwana pad pa mlandu wa sikirini. Ma TV ambiri amakometsa chithunzi asanachionetse, ndipo kuchedwa kwake kukhoza kukwana mafulemu angapo, kuposa kusiyana kulikonse kwa zida zimene tatchulazi. Fufuzani Game Mode muiyatse. Monita ya kompyuta ya kaunjika yokhala ndi HDMI nthawi zambiri imaposa TV yaikulu ya pabalaza.

Mukandifunsa gemu ndi gemu, wa Mortal Kombat akhale pa pad osayang'ananso kwina. Kubuloka kumeneko ndi batani, ndipo limakhala bwino pansi pa chala cholozera, komanso mayendedwe ake ndi ongodina kumbuyo-kutsogolo, osati kuzunguliza. Wa Tekken ali ndi mabatani anayi, lililonse mkono kapena mwendo wake, ndiye pad imamukwanira. Asamuke pokhapokha ngati akusewera a banja la Mishima, monga Kazuya, ndipo chala chikumupweteka, ndipo posamukapo ayese leverless asanaganize za kandodo ka ku Korea. Wa Street Fighter 6 ndi amene ndingamukankhire ku leverless mosazengereza, kupatula ngati akusewera pa Modern, kadinidwe kophweka ka mu gemuyi kumene special (chimenyo chapadera) imatuluka ndi batani limodzi posinthana ndi 20 peresenti ya mphamvu yake. Modern anaipangira pad, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Kwa amene mumasonkhana kumapeto kwa sabata, kaya ndi ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, ndalama yoyamba ya gulu isapite ku stick yodula ya munthu mmodzi. Sonkhani mugule adaputa imodzi ya onse, mawaya aatali awiri olimba, ndi pad imodzi yorijino yosungira ndewu zokha, yosakhudzidwa ndi a mpira. Gwirizananinso malamulo musanayambe: SOCD ikhale pa neutral, turbo (batani lodzidina lokha mobwerezabwereza) ndi yoletsedwa, ndipo aliyense wa pad yopanda waya aichotse pa makina akamaliza masewero ake. Pad yoiwalika m'thumba ikadinika batani la PS imaimitsa masewero a anthu ena, ndipo m'mipikisano yaikulu woimitsa gemu amaluza raundi. Lembani zimenezi pa pepala, muzimate pakhoma pafupi ndi TV.